Timabowo ta Pansi pa Kalavani

Loweruka, 5 Epulo

Ndakatenga kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, ku shedi ya anzathu a Tjeerd komwe imakhala nyengo yozizira. Mbewa sizinalowe. Matayala onse awiri anaphwa, ndapopa. Batire latha moto, lili pa chaja.

Ndi ya apongozi, a Bouke. Atisiyira poti maondo awakana. Ati, "Zaka makumi awiri sinandichititsepo manyazi. Ikavuta, wavuta ndi iweyo." Ndangoti chabwino bambo.

Tinyamuka Lachisanu Loyera kupita ku chilumba cha Ameland, masiku anayi. Mwana wathu Jelte wangokwana miyezi isanu, chifuwa chamusiya sabata yatha yomweyi. Mayi ake, Marrit, akuti mphepo ya kunyanja imuchitira ubwino. Kaya.

Lamulungu, 6 Epulo

Thanki ya madzi ndatsuka kawiri. Mpopi wa pasinki umadontha, kalabala kanatha, ndasintha. Paipi ya gasi ndapaka thovu la sopo molumikizira monse, palibe pofufuma. Girisi ku chokokera.

Kenako ndinagona pansi pomwe tidzaike kabedi ka Jelte, kuti ndimve zomwe azidzamva. Mphepo ikulowa, yozizira, kumaso kwenikweni. Pali timabowo tokhala ndi sefa: pansi pa mipando, kuseri kwa chitofu, m'munsi mwa chitseko. Kudenga nakonso.

Mwana wa chifuwa pamenepo ayi.

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndamata timabowo tonse. Siponji mkati, tepi yakuda pamwamba. Kuika dzanja, zii.

Marrit anasuzumira pakhomo: "Bambo a Jelte, tikagona mu kalavani kapena m'botolo la jamu?" Ndati udzandithokoza ku Ameland.

Lachitatu, 9 Epulo

Mvula. Sindinagwire kanthu.

Lachinayi, 10 Epulo

Marrit wagula kabelu kamene kamalira mpweya ukaipa. Ndakakhoma pakhoma kuti asiye kundikumbutsa. Magetsi a kumbuyo, lakumanzere silimayaka. Dzimbiri basi, ndapala.

Loweruka, 12 Epulo

Masana ndimayesa zonse monga tidzachitire kumeneko. Chitseko ndi mazenera kutseka. Chitofu mbali zonse ziwiri, uku ketulo, uku poto wowiritsira mabotolo a mwana. Munafunda msanga, ndinakondwa. Mazenera thukuta lokhalokha.

Moto unayamba wabuluu, kenako wachikasu kunsonga. Ndinati gasi akutha. Mutu unayamba kulemera, ndinati ndi njala. Kabelu kanayamba kulira. Ndinati atigulitsa kowonongeka, ndinachotsamo batire n'kukhala pampando. Tulo.

Sindikudziwa mphindi zingati. Ndinangomva chitseko phwaa, a Bouke, abwera panjinga kudzasiya zikhomo za tenti zomwe anaiwala. Anazimitsa chitofu, kundikoka kolala mpaka pa udzu. Maondo aja sanawavute.

Ndikusanza, iwo analowanso. Anatuluka ndi chidutswa cha tepi chili pa chala.

"Wamata ndani?"

"Ine, bambo. Mphepo. Mwana uja."

"Wiebe, iwe umagwira ntchito ya manja, sindiwe chitsiru. Amene anaboola pamenepo umati analedzera? Moto umapuma. Gasi akadontha amatsikira pansi, atulukire kuti?"

Ndinati Jelte azizidwa.

"Mwana akazizidwa amalira, umamufunditsa. M'menemo sakanalira n'komwe."

Anandikhazika panja ola lathunthu, kenako ananditengera kwa dokotala. Akuti ndapulumuka, ndipume. Pobwerera anangofunsa kamodzi: "Mwana wanga umuuza wekha, kapena ndimuuze ndine?"

Marrit anali kwa mnzake ndi Jelte tsiku lonse. Sakudziwa kanthu.

Lamulungu, 13 Epulo

Ndamatula timabowo tonse m'mawa. Tilipo tisanu ndi tiwiri, ndawerenga katatu. Kamodzi siponji inakanirira, ndakolowola ndi waya. Batire ndabwezera m'kabelu, ndadina, kakulira. Chitofu ndayatsa mphindi makumi awiri, moto wabuluu mpaka kumapeto.

Ndamuuza Marrit pa kadzutsa, zonse, ndi za batire zomwe. Anasiya buledi wake pambale. Sanakalipe. Anafunsa kuti likanakhala Lachisanu tikanakhala angati mkatimo. Ndati atatu.

Anadzuka n'kukwera kuchipinda cham'mwamba. Ndinadziwa kuti ulendo wafa, mwinanso kalavani ibwerera kwa eni ake.

Anatsika ndi kathumba kogonamo mwana kaubweya kaja, ndi chipewa. Kabedi anakanyamula yekha, kukaika m'kalavani, kumbuyo kwenikweni, kutali ndi chitseko. Ati, "Masana ano agone muno tione. Iwe ukhala pompo, tepi undipatse ndisunge."

Ndamupatsa.

Panopa ndili pansi pafupi ndi chitseko, ndikulembera pabondo. Jelte wagona, masaya ofiira, akupuma bwinobwino. Mphepo ikulowa pa kabowo, ikundizizira m'kakolo. Phazi sindichotsa.