Mundikane Msanga, Achimwene

Achimwene a Nengah,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lampung konko. Pepaninso za maliro a mayi anu. Ife kuno tadzuka, kungoti bambo chifuwa chija sichikuwasiya.

Ntchito yanga ikadali yomwe ija yoyenda ndi alendo m'minda ya mpunga. Patangopita masiku atatu uthenga wa malirowo utafika, ndinalowa ndi azungu anayi m'kachisi wa pakasupe, pomwe madzi a minda yonse amayambira. Paja wofedwa saloledwa kulowamo, koma ine ndinkati ubale wathu ndi wapatali, litsiro la maliro silikundikhudza. Mwezi uno mbewa zadya mpunga kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

Pamsonkhano wa eni minda, a Ketut Rauh, ogawa madzi, anandiloza chala kuti mbewazo ndabweretsa ndine: “Iwe Sudira, agogo ako ndi bambo a malemu anayamwa bere limodzi. Unalowa pakasupe uli wodetsedwa, ati azungu ako ajambule zithunzi!” Ngalande yothirira munda wathu aitseka ndi dothi. Dzulo mkazi wanga anapereka moni kumsika, palibe anamuyankha. Mukudziwa kuti munthu akatisiya, omunyamula kupita naye kowotchera mitembo ndi anthu omwewa, ndipo bambo chakudya asiya. Basi, ndisalembe zambiri.

Chonde lemberani a Ketut Rauh. Muwauze kuti agogo anu anali ongoleredwa pakhomo pathu, magazi athu ndi osiyana. Ndikudziwa kuti ndi bodza, ndiponso sindinaiwale kuti munkandibereka kumsana. Koma mundikane msanga, achimwene, mpunga wathu usanaume.

Ndine mng'ono wanu,
Sudira