Mapeso a Amayi m'Chitini cha Mabisiketi

Loweruka, 9 Marichi

Tanyamuka pa sitima ya pamadzi. Doko la Galveston latsala kumbuyo ndi fungo lake la dizilo. Tili atatu: ine, mlongo wanga Wendell, ndi Adadi. Ulendo woyamba chimwalirireni Amayi.

M'sitima muno ndalama yapamanja siyenda. Aliyense apatsidwa kakhadi, kotsegulira chipinda komanso kogulira zinthu. Ka Adadi, W. wakalumikiza ku akaunti yake. Chichitikireni zija za chaka chatha, pamene akuba a pafoni anawanamiza kuti mdzukulu wawo wamangidwa n'kuwadyera ndalama, W. ndiye msungichuma. Munthu amene anagulitsa magalimoto akale ku Beaumont moyo wake wonse, lero akagula kofi, foni ya mwana wake imalira.

"Ndiye ndikamwa kamowa udziwa?"

"Ndidziwa, Adadi."

"Ndimwa kawiri kuti udziwe bwino."

Lamulungu, 10 Marichi

Madzi okhaokha. W. wasanza m'mawa wonse. Ine ayi. Ndalemba kuti zisaiwalike.

Masana Adadi anandiitanira kuchipinda kwawo, n'kutseka chitseko ngati tikugawana chamba. Anatulutsa chitini cha mabisiketi chija cha buluu chimene chinkakhala pamwamba pa wadiropu ya Amayi. Moyo wanga wonse ndinkayesa muli mabatani. Muli mapeso, ndalama za ku Mexico! Mtolo wonse, womanga ndi labala yomwe yauma n'kumatirira. Anatsala pa ulendo wa Adadi ndi Amayi wa ku chilumba cha Cozumel mu 1988, ulendo umodzi wokha umene awiriwa anatulukapo m'dziko. Amayi akuti anati: tikadzabwererako ndi ana, tidzawadyetsa nsomba ndi zimenezi.

"Zoposa 400,000, Corinne. Lachiwiri ku Cozumel ndikulipira ndine. Aliyense aitanitse chimene akufuna. Wendell akangogwira chikwama, ndimuponya m'nyanja."

Nkhope yawo! Sindinaione ikuwala chonchi chaka chonsechi.

Ndalama zimenezi zinatha ntchito kalekale, Mexico atachotsa maziro atatu n'kutulutsa zatsopano. Ndikudziwa, ndinaziwerengapo. Zaka zonse ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni pakoleji kuti choonadi chisabisidwe, koma pamenepa ndinangoti, "Eee, Adadi, ndinu olemera."

Ndamuuza W. Akuti tiwauze basi, manyazi a m'chipinda aposa a pagulu. Ndakana. Nzeru yanga ndi iyi: Lachiwiri ndikanong'oneza woperekera zakudya kuti alandire mapepala akalewo mwaulemu, ine ndikalipire kuseri. W. akuti ndine wabodza ngati Adadi. Ndamuthokoza.

Lolemba, 11 Marichi

Progreso, doko la ku Mexico. Dzuwa loswa mutu.

Nzeru yanga yafa isanabadwe. Titangotsika, Adadi anati akupita kuchimbudzi. Ndi chitini m'khwapa? Ndinawalondola. Analunjika pa kawindo kosinthira ndalama. Kaya ankafuna zing'onozing'ono zogulira madzi, kaya ankangofuna munthu wina aone chuma chawo. Ine ndinabisala pa wogulitsa zipewa, n'kuvala chimodzi chachikulu ngati thayala.

Mtsikana wa pawindo anatenga pepala limodzi, kulitembenuza, kumwetulira. Kenako anaona nkhope yawo, kumwetulirako n'kutha. Ndinamva pang'ono chabe. Zakale, bambo. Pano ayi. Mwina ku banki yaikulu, koma zonsezi n'zogulira chakudya cha munthu mmodzi, osakhuta n'komwe. Agogo ake nawonso akuti ali nazo m'Baibulo.

Adadi anavula kapusi, kuthokoza, kutseka chitini bwinobwino. Anakakhala pa benchi kuyang'ana mabasi. Msana wawo unaoneka waung'ono. Sindinapiteko. Chipewa ndinachigula chifukwa mwini wake anayamba kundiyang'ana moipa.

Sanadye masana. Akuti kutentha.

Lolemba lomweli, madzulo

Ndilembe msanga ndisanaiwale kanthu!

Ndinawasowa kuchipinda, mtima m'mwamba. Ndinakawapeza pamwamba, pafupi ndi dziwe losambira, atavala malaya awo a maluwa, chitini chili yasa patebulo, anthu atawazungulira. Mawu aja a pa yadi ya magalimoto, amene sindinawamve chipumireni pantchito, abwerera.

"Mayi, ndikuuziretu, iyi sigula kanthu. Ngakhale chingamu. Ndafunsa ndekha lero, andiseka. Koma taonani maziro awa! Mdzukulu wanu mukamupatsa 10,000, adzakukondani mpaka atafika kalasi yodziwa masamu. Madola asanu basi."

Mayi uja anagula ziwiri.

Kwa bambo wina wa ku Oklahoma, wamimba yopsa ndi dzuwa: "Achimwene, mwaluza zingati ku kasino? Ayi, musanene, akazi anu ali pompa. Tengani iyi ya 50,000, mukafika kwanu mukanene zoona zokhazokha, kuti munabwerako ndi 50,000."

Anthu kuseka mpaka kugwira nthiti. Ndipo aliyense amamuuziratu kuti ndi pepala chabe, ena mpaka kawiri. Mnyamata wina anati pa intaneti n'zotchipa. Adadi: "Pita ukagule pa intaneti, mwana wanga. Koma za kumeneko sizinagone zaka makumi atatu pa wadiropu ya mkazi wanga Odile, zikudikira ulendo uno." Mnyamatayo anapereka madola khumi.

Wogwira ntchito m'sitima anabwera kudzanena kuti malonda saloledwa muno. Adadi anapepesa, kutseka chitini pomwepo, n'kumupatsa ya 2,000 yaulere kuti akapatse mwana wake. Zinali zitatha kale, kutsala imodzi.

W. anaima pambali panga, kukamwa yasa. Ndinamufunsa ngati foni yake yalira.

Potsika masitepe Adadi anati, osandiyang'ana, "Corinne, chipewa chija unabisalamo m'mawa sichikukhala."

Lachiwiri, 12 Marichi

Cozumel. Adzuka ndi mbalame, ameta ndevu, athira perefyumu wa kutchalitchi.

Lachiwiri, titabwerako

Ndinawauza kuti kuno madola amalandira paliponse, palibe chovutikira. Akana. Amayi anati mapeso, ndiye mapeso. Pa windo loyamba losinthira ndalama, la padoko penipeni, anangoyang'ana mtengo pa bolodi n'kufwenthera. "Awa ndi anzanga a ntchito, ndikuwadziwa." Tinayenda misewu ingapo kulowa m'tauni, W. akudandaula za mapazi, mpaka anapeza pamtengo wowakomera n'kusinthitsa madola aja a dzulo. Anawerenga okha, kunyowetsa chala, kupinda, m'thumba la malaya.

Malo amene anadyera ndi Amayi kulibenso. Pano akugulitsapo magalasi a dzuwa. Anaima pakhomopo kanthawi, kenako anati, "Nsomba yake inali youma, amayi ako ankangoikonda chifukwa woperekera anawatcha mtsikana." Tinakalowa pena, pa matebulo apulasitiki, pamene pankadya oyendetsa matakisi.

Nsomba yathunthu yokazinga aliyense, ndimu, mpunga, nyemba, tsabola woliza. W. anaitanitsa madzi okha, kuopa bilu. Adadi anamuitanitsira mowa. "Imwa, Bwana Akaunti. Foni yako siilira."

Bilu itabwera, woperekera anaiika pamaso pa W., monga amachitira onse masiku ano akaona imvi za Adadi. Dzanja la W. linayamba ulendo wopita kuthumba, mwachizolowezi. Ndinaligunda ndi chigongono. Adadi anakoka kambale kaja pang'onopang'ono, kuvala magalasi, kuwerenga mzere uliwonse ngati kalata ya boma, n'kuyala mapeso atsopano. Yothokozera anasiya yochuluka moti mnyamatayo anabwerera kudzafunsa ngati alakwitsa.

"Sindinalakwitse. Zachokera kwa mkazi wanga."

Ndinayang'ana kunyanja. Tsabola uja, ndithu.

Pepala lakale lotsala lija, la 1,000, alipinda n'kuliika kuseri kwa chithunzi cha Amayi m'chikwama. Chitini andipatsa ine. Akuti ndiikemo mabatani.

Lachitatu, 13 Marichi

Tikubwerera. Madzi okhaokha.

M'mawa ndinaona W. ndi Adadi pamzere wa pa ofesi ya m'sitima. Ndinayesa pali dandaulo. W. ankalankhula ndi mayi wa pa kauntala akukanda m'mutu, Adadi akutulutsa madola otsala m'thumba la malaya n'kuwapereka pamodzi ndi kakhadi kawo. Sindinafunse, koma zikuoneka kuti kakhadi kaja kachoka ku akaunti ya W.

Pano tili pamwamba, mphepo ikufuna kundilanda chipewa changa chosandikhala. Adadi apita okha kukagula kofi. Ndikuwaona apo, akumuseketsa mtsikana wogulitsayo. Apereka khadi. Akubwera, makapu atatu m'manja.

Foni ya W. ili apa patebulo, chagada. Zii.