Chithunzi chimathera pamphumi

Lachitatu, 15 Julaye 2009

Chiperoni tsiku lonse. Anzanga ku esiteti amadandaula kuzizira, ine sindinamve kanthu.

Mwana wanga Chikondi watumiza pa imelo chithunzi cha amake, chimene anawajambula ku Joni miyezi iwiri asanamwalire. Nditaweruka ndinayatsa kompyuta, n'kuvula wotchi n'kuiika patebulo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyeza mvula ya m'minda ya tiyi ndi kulemba m'buku, ndiye dzanja linazolowera.

Chithunzi chimatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Pa mphindi zinayi panaoneka denga la nyumba. Pa mphindi zisanu ndi zinayi panaoneka duku lobiriwira lija ndinawagulira ku Bvumbwe. Itangotuluka mphumi, laini ya foni inaduka. Ndinayesanso, inadukira pomwepo.

A Namate, okonza mafoni, anadutsa madzulo. Anayang'ana mphindi zimene ndinalemba m'buku n'kupukusa mutu.

"Bambo, mawaya awa atha ntchito," anatero. "Posachedwapa intaneti izidzayenda mumlengalenga, popanda waya. Chithunzi chizidzafika chonse musanaphethire n'komwe."

Ndinati chabwino. Ndinawathirira tiyi, anamwa, anapita.

Kachitatu laini sinaduke. Mphumi inadutsa, nsidze zinayamba kuoneka, ndipo ndinadziwa kuti mzere wotsatira ndi maso. Ndinazula ndekha waya kukhoma.

M'buku ndalemba kuti mphindi khumi ndi ziwiri, laini inadukanso. Chikondi akaimba Sabata likatha ndimuuza zomwezo. Koma zopanda waya zija zikadzabwera, sindikudziwa chimene ndidzazule.