Maenvulopu Atatu a Atupele

Govanhill, Glasgow
18 Febuluwale 2024

Okondedwa achimwene a Chakufwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Mwana wanu Atupele wachira Lachiwiri, kamnyamata, makilo atatu ndi theka. Nditamva ndinavina m'khitchini mpaka mzungu wokhala pansi pathu anabwera kudzagogoda. Pachithunzi mphuno ndi yanu yeniyeni.

Ndati pachithunzi chifukwa sindinamunyamulebe. Atupele wandikwiyira.

Nkhani yake ndi iyi. Kukampani komwe ankagwira kale ankamulipirira inshuwaransi ya chipatala. Ine ndinkati ndi mphatso ya mabwana. Kani kuno boma limaiwerenga ngati malipiro, ndiye pamafunika msonkho. Atasiya ntchito ija kunapezeka kuti msonkhowo sunadulidwe wonse, akufunika abweze mapaundi 640. Munthu akupatse chinthu, wina abwere kudzalipiritsa, zinayamba zachitika kuti?

Makalata a ofesi ya msonkho ankafikira kwanga, poti adiresi sanasinthe atakwatiwa. Maenvulopu akhaki aja ndimawadziwa kuyambira tili ku Sighthill, salowa m'nyumba ndi uthenga wabwino. Inuyo mukudziwa kuti munthu woyembekezera sadzidzimutsidwa. Mayi athu anatibisira maliro a amalume mpaka ine nditachira, ndani anawadzudzula? Ndiye maenvulopuwo ndinawaika m'sutikesi, atatu onse, osatsegula. Ndimati akachira ndimupatsa.

Lachitatu ndinapita kuchipatala ndi phala m'fulasiki, makalatawo ali m'chikwama. Mwana anamwino anali atapita naye kokamuyeza. Ndinati, "Mayi, tsopano wapepukidwa, katundu wako uyu." Anatsegula, nkhope kusintha. Akuti tsiku lomaliza kulipira linali 31 Januwale, pano chiwongoladzanja chikukwera. Anandikalipira m'Chingerezi chawo chothamanga chija, ndinangotolapo pang'ono. Kenako m'Chichewa anati, "Anti, mwatsegula liti ofesi yosunga makalata a anthu?" Mwamuna wake Petros anangoyang'ana pansi. Ndinati ndimateteza mwana. Atupele akuti, "Mukanandifunsa. Pitani kaye."

Mwana amene ndinamulera kuyambira ali sitandade 3, kundiuza pitani kaye.

Chabwino, ndinalakwa, koma osati kwambiri. Ndalamazo ndanena kuti ndithandiza, ndatenga mashifiti owonjezera kosamalira okalamba. Akuti nkhani si ndalama. Nanga ndi chiyani? Pano foni sakuyankha.

Chondipweteka n'chakuti tinagwirizana kuti dzina ndipereka ndine, monga azakhali. Kuno mwana amalembetsedwa pasanathe masabata atatu, ndipo amayi a kumpingo andinong'oneza kuti akupita Lachinayi. Akalemba dzina lina, basi kwatha.

Chonde achimwene, muimbireni. Inu amakumverani. Musamukalipire, ali ndi bala. Mungomuuza kuti azakhali ako ndi osaphunzira, koma si oipa mtima.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Lachinayi ndapempha kale tchuthi. Ndidzavala m'mawa n'kukhala pafupi ndi foni.

Ndine mlongo wanu,
Ketrina