Lachinayi ku Laibulale

Achemwali anga okondedwa,

Kodi inunso ku Joniko mumasowa tulo chimwalirireni ababa? Landirani moni. Ine ndiliko pang'ono, amayi mwendo uja ukuwawabe koma akuyenda.

Chimetereni tsitsi, aliyense kuno amati maliro anatha, tisamawatchulenso ababa. Ine mpaka kudya ndinasiya. Tsiku lina ndinalowa mu laibulale ya kusukulu pothawa mvula, n'kutsegula buku la zaulimi. Nditangoona chithunzi cha bambo atabereka dengu la tiyi, misozi inagwera papepala. Ndinkaganiza kuti andikalipira. Koma Mayi Nachisale, oyang'anira mabuku, anangokoka mpando n'kunena kuti, "Pepalalo liuma, mwanawe. Tandiuza, wakumbuka ndani?" Achemwali, ine wamanyazi uja ndinayankhula mpaka belu kulira. Tsopano Lachinayi lililonse timakumana momwemo ana angapo ovutika maganizo, ndipo kumabwera mlangizi wochokera ku Boma. Ndi mlangiziyo amene anandilimbitsa mtima kuti ndikulembereni.

Tsono akapitawo anena kuti tituluke m'nyumba ya esiteti, poti wogwira ntchito palibenso. Amayi akuti tipita kwawo ku Khonjeni. Kumeneko ababa ndizikawatchula kwa ndani? Chonde aimbireni amayi, muwapemphe kuti nditsale kwa azakhali konkuno mpaka ndilembe mayeso. Inu amakumverani.

Ndilekere pano. Majombo a ababa akuti ndi a kampani, ndipo akapitawo abwera kudzawatenga madzulo ano. Ndikufuna ndiwatsuke ndekha.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Tiyanjane