Nsanza Zanu Kunsi kwa Pikapu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo, kungoti nyumba yandikulira. Mpongozi wanu Nambewe anapita kwawo ku Chinguluwe kukachira, ndipo kwabadwa mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, yosabisala. Abwerako mwezi wamawa. Mpunga wa ku Lifuwu wachita bwino chaka chino, ndipo pamsika palibenso wotiimitsa kufunsa khadi ya chipani. Aliyense amene ali ndi matayala anayi wayamba matola. Wotsalira ndine ndekha, chifukwa pikapu yanu ija ili pamiyala kuseri kwa nyumba, ndipo wolakwa ndine.

Mukukumbukira timizere ta chitenje timene munkakulunga pa mapaipi a mabuleki ndi a klachi, paliponse pamene paipi yakhudza chitsulo? Chiwongolero simunachigwirepo, koma kunsi kwa galimotoyi munkakudziwa kuposa ine woyendetsa. Munkati paipi ili ngati phazi, ikamakhuzana ndi chinthu cholimba imatuluka matuza. Ine ndinkangoseka, kuyesa ndi zokongoletsa za azimayi.

Tsiku lometa, azakhali akusonkhanitsa zovala zanu kuti zigawidwe, anasuzumira kunsi kwa galimoto n'kuona nsalu zanu zikulendewera. Anati nsalu ya malemu singamayende pamsewu ndi anthu amoyo, ndichotse zonse. Ndinali nditatopa ndi kulira, sindinatsutse. Ndinalowa ndi mpeni n'kudula kamodzikamodzi.

Panapita miyezi inayi. Tsiku lina ndikuchokera ku Khombedza, nditanyamula anthu ndi madengu a usipa, ndinaponda buleki phazi n'kungolowa mpaka pansi. Mwayi wake panali posatsetsereka. Ndinatsitsa magiya mpaka tinakaima mumchenga, ndipo palibe anavulala. Paipi inali itadyeka n'kuboola pomwe ndinadula kansanza kanu kofiira. Amalume atamva anati galimotoyi yakalamba, tsiku lina idzapha anthu. Loweruka likubwerali abwera ndi munthu wogula magalimoto ophwasula, ndipo akapanda kuipeza ikuyenda ndi kuima bwinobwino, ipita.

Ndinakagula paipi yatsopano ku Salima. Koma yakale ija ndinaizula ndi mkwiyo, osayang'ana m'mene inkadutsa. Koyamba yatsopanoyo ndinaidutsitsa pafupi ndi ekizozi, n'kuzindikira kuti mafuta a mabuleki adzawira ndi kutentha. Kachiwiri inakathera pomwe madzi a nsomba amadontha kuchokera m'bodi. Ndinagona chagada tsiku lonse, dzimbiri likundigwera m'maso, ndipo ndinakukwiyirani pang'ono chifukwa chopita osandisiyira mapu. Kenako ndinaona kuti patchesisi, chitsulo chachikulu cha kunsi chija, pali timalo toyera, topanda dzimbiri, pomwe nsalu zanu zinkakhala. Ndinangotsata timeneto kuchokera kutsogolo mpaka ku tayala lakumbuyo, ndikupindira paipi pa botolo kuti isathine pokhota. Pomanga ndakulunga mphira ya chubu chakale, azakhali asapezenso chonena.

Chatsala ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi, ndipo imeneyi ndi ntchito ya anthu awiri. Inu munkakhala pampando n'kumapopa buleki, ine kunsi ndikumasula kanati kuti mpweya utuluke. Munkadandaula kuti ndikukuyesani wopalasa njinga, koma simunachokepo ntchito isanathe. Dzulo ndinayesa ndekha. Ndinapopa, n'kupanikiza buleki ndi mtengo wotsamira kumpando, n'kuthamangira kunsi. Nditangogwira sipanala, pakamwa panatseguka pokha.

"Pondani, Amayi."

Ndipo ndinadikiradi. Kunangomveka nkhuku zikupalasa. Ndinalira pamenepo kuposa m'mene ndinalirira kumanda, chifukwa kumanda kunali anthu ondigwira. Buleki ikadali yofewa ngati nthochi yakupsa.

Si kuti ofuna kundithandiza palibe. Che Bwanali, oyandikana nafe nyumba aja, adzipereka kawiri konse, ine n'kumawanamiza kuti sindinamalize kumanga. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kumva mawu a munthu wina akundiyankha kuchokera pampandopo. Koma Loweruka ndi mkuja, ndipo phazi lanu silibweranso. Lero ndapita kukawapempha, ndipo avomera osandifunsa chimene chinandichedwetsa. Abwera mawa akatuluka mumzikiti.

Ndiye musadabwe mukaona munthu wina atakhala pamalo panu. Ndamuikapo ndine, kuti galimoto yanu isapite kophwasula, ndipo ndikukulonjezani kuti sipita. Ndikadzakuwa kunsiko ndidzayesetsa kutchula dzina loyenera. Likadzatuluka lanu, Che Bwanali ndi munthu wamkulu, adzangoponda.

Ndakusowani kwambiri, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuwelo