Nkhope Yawo m'Zilankhulo Makumi Atatu

Maningrida,
14 Novembala, 2023.

Okondedwa achemwali anga a Noeleen,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Clancy, ndiponso kuti makina otsuka magazi aja sakuwafooketsa monga mwezi watha. Musadabwe kuti ndalemba papepala pamene foni ndili nayo. Ndakuimbirani katatu kuti ndikuuzeni nkhaniyi, koma mukangoyankha ine ndimayamba kufunsa za nyengo ya ku Adelaide, ngati kuti ndili nayo ntchito. Pakamwa pakundilemera, ndiye ndati dzanja linene.

Kuno kutentha kwafika posauzana. Mitambo imasonkhana masana, kugunda pang'ono, kenako n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Atsekwe adzaza m'dambo moti aliyense amene ali ndi mfuti akununkhira mafuta. Thupi la amayi aakulu likadali ku Darwin. Amalume a Horace akuti ndege idzabwera nalo pa 2 Disembala, madzi asanatseke msewu, kuti abale akutali athe kufika. Chisakasa cha maliro chayamba kumangidwa, ndipo nyumba yawo anaifukiza utsi kale. Monga mwambo wathu umanenera kuti nkhope ya womwalira isaonekenso, zithunzi zawo zonse tinazitsitsa pakhoma, ngakhale chija cha kusitolo ya zoluka, ndipo dzina lawo palibe amene akulitchula. Aliyense wachita mbali yake, kupatula ine.

Nkhani yake ndi ya insaikulopediya ija ya pa intaneti imene aliyense amalembamo, ija munkandiseka nayo kuti ndiye mwamuna wanga. Mukudziwa kuti chilankhulo chilichonse chili ndi yakeyake, ndipo ya chilankhulo chathu ikadali khanda. Olembamo tilipo atatu basi, ndipo makiyi ofufutira ndi kutsekera masamba ali ndi ine. Malamulo ang'onoang'ono timapanga tokha, koma akuluakulu ndi amodzi kwa zilankhulo zonse, kaya n'Chijeremani, kaya n'chathu. Awiri mwa iwo ndi awa. Loyamba, chithunzi ukachipereka chimalowa m'nkhokwe ya onse, chilankhulo chilichonse chingathe kutapamo, ndipo sungachilandenso. Lachiwiri, umapereka chokhacho chimene wajambula wekha. Amene anamasulira malamulowa m'chilankhulo chathu ndine, ndipo ndinkawaloweza ngati mavesi. Chaka chatha Valda, mwana wa malemu, atalemba tsamba la nkhanu n'kuikapo chithunzi chochokera m'magazini, ndinachifufuta tsiku lomwelo osamuuza n'komwe. Kuyambira pamenepo amanditchula kuti apolisi, ndipo kunena zoona dzinalo linkandikomera.

Lachiwiri, masabata awiri apitawa, tinali ndi msonkhano wa amayi oyang'anira gombe. Kunabwera mtsikana wachizungu woona za nsomba, wochokera ku Darwin, wachilendo kuno, waulemu wake ndithu. Pofuna kuyamikira njira zathu zakale zogwirira nsomba, anaonetsa chithunzi cha mono pakhoma. Achemwali, anali amayi aakulu. Atakhala m'mphepete mwa madzi, mono uli pamiyendo, akuseka mpaka diso limodzi kutsinzina monga ankachitira, nkhope yawo kukula ngati chitseko, dzina lawo lonse lili m'munsi. Valda anali pampando wakutsogolo. Amayi ena anafunda masiketi kumaso, ena anathawira panja, ndipo kulira kwa maliro kunabuka pomwepo. Mtsikana uja anasowa pozimitsira, n'kuyamba kupepesa kuti iye anangochitenga mu insaikulopediya ya Chingerezi. Podziteteza analoza timalemba ta m'munsi tonena za wojambula. Dzina linali langa.

Valda sanalire nthawi yomweyo. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, “Apolisi, n'zimenezi? Changa cha nkhanu munafufuta dzuwa lisanalowe. Kodi nkhanu ija inali ndi maliro?”

Madzulo ake amalume anandiitanitsa. Sanakweze mawu, mukuwadziwa. Anangoti, “Thupi lisanatsike m'ndege, nkhope ija ikhale itachoka konse kumene unaiika. Apo ayi, usadzayandikire chisakasa.” Ine ndinayankha modzikhulupirira kuti n'kanthu kakang'ono, ndichotsa lero lomwe. Taganizani, amayi aakulu, munthu amene anatilera ife awiri amayi athu atamwalira, ine osakamuperekeza.

M'tsamba la chilankhulo chathu ndinachichotsa m'kuphethira kwa diso. Kenako ndinakaona m'nkhokwe kuti ndi ndaninso akuchigwiritsa ntchito. Zilankhulo makumi atatu ndi chimodzi, zina zake sindinazimvepo chibadwire. Ndinachichotsa m'Chingerezi, pasanathe ola munthu wina anachibwezera. Ndinayesa m'Chijeremani ndi m'Chijapani, anachibwezeranso, n'kundichenjeza kuti ndikapitiriza kuwononga masamba anditsekera. Makiyi anga aja amangotsegula kanyumba kathu kokha. Komabe m'mawa mwake ndinakauza amalume kuti ndachotsa. Valda anali pomwepo. Anatulutsa foni, n'kuipereka kwa mwamuna wake kuti amuonere, mwamunayo anangopukusa mutu. Ndinanyamuka tiyi ndisanamwe.

Ndinalembera oyang'anira nkhokwe kalata yaitali yaukali, yowauza kuti iwo amaika zithunzi za akufa awo pakhoma koma ife ayi, ndipo asatiphunzitse kulira. Anandiyankha bambo wina wa ku Finland dzina lake Tapio, wogwira ntchitoyi mongodzipereka ngati ine ndemwe. Ndinkafuna atakhala munthu wamwano kuti ndimude bwino, koma anali wofatsa moti mpaka anandinyansa. Anapepesa za malirowo, n'kutsegula zokambirana kuti anthu anenepo maganizo. Sabata yathunthu anthu a m'maiko osiyanasiyana akhala akukambirana za nkhope ya amayi athu aakulu. Ena anali kumbali yanga, makamaka mayi wina wa ku New Zealand amene anawalalatira kuposa ine. Pomaliza anagwirizana zochotsa dzina lawo pamutu wa chithunzi, koma chithunzicho chikhale. Akuti palibe china choonetsa mono wa mtundu umenewu, akuti ndinachipereka ndekha n'kulembanso kuti mwini nkhope analola, ndipo akuti lamulo likapindika chifukwa cha mwambo wa chilankhulo chimodzi, mawa zilankhulo zonse zibwera ndi miyambo yawo ndipo m'nkhokwe simutsala kanthu. Chimene chinandilasa n'chakuti mawu omwewa ndinkawanena ine pophunzitsa anthu kuno, chala chili m'mwamba.

Kenako a Tapio anandilembera pandekha. Anati aona kuti chithunzichi chinajambulidwa ndi foni yosiyana ndi imene ndinajambulira zinzake zambiri, ndiye anafunsa kuti, “Pepani mayi, kodi munajambula nokha?”

Ndinayankha kuti inde, ndinajambula ndekha.

Iwo anati ngati zili choncho palibenso chimene angachite. Anawonjezera kuti chithunzi chimene chimafufutidwa tsiku lomwelo, m'zilankhulo zonse nthawi imodzi, ndi chokhacho chimene munthu anaika mwini wake asanalole, mwiniwakeyo akalemba yekha kudandaula. Sindikudziwa ngati anangonena, kapena anali atandiona kale mpaka m'mimba.

Pofika apa mwadziwa kale, chifukwa chithunzichi mukuchikumbukira. Munajambula ndinu, chaka cha 2019, pamathiriro a mtsinje. Munalowa m'madzi mpaka m'mawondo kuti dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ife tikukukuwirani za ng'ona, ndipo n'zimene zinawaseketsa. Atachiona pafoni anati, “Ichi n'chako wekha, usamaonetse aliyense mano angawa.” Popita ku Adelaide munanditumizira zithunzi zanu zonse kuti ndikusungireni chifukwa foni yanu inadzaza. Ine ndinali ndi tsamba la mono lopanda chithunzi. Pakabokosi kofunsa ngati ndinajambula ndekha ndinachonga osaphethira, ndikudziuza kuti cha mkulu wako ndi chako chomwe, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti lamulo silitero, popeza ndinalimasulira ndine. Za kulola kwawo ndinangopeka.

Zikanathera pomwepo bwenzi manyazi ake ali ochepa. Koma chithunzicho chinasankhidwa kukhala chopambana mwezi umenewo, ndipo ulendo uja wa ku Sydney unachokera pamenepo. Ine ndinakuuzani kuti andiitana chifukwa cha ntchito yomasulira. Munasangalala, n'kunditumizira jekete yanu yabuluu kuti ndisakazizidwe. Nditavala jekete yomweyo ndinaima pamaso pa anthu oposa zana n'kuwafotokozera mmene ndinalowera m'madzi a ng'ona mpaka m'mawondo. Anaomba m'manja, ine n'kumamwetulira. Choipa chitsata mwini, achemwali, changa chandipeza pa maliro a munthu amene anandiphunzitsa kuti za eni sagwira.

Tsono pempho langa ndi ili. Kumbuyo kwa pepalali ndalemba adiresi ya oyang'anira nkhokwe ndi nambala ya chithunzi. Muwalembere kuchokera pafoni yanu, ndipo ngati foni yakale ija ikadali m'sutikesi, muijambule ndi kuwatumizira, chifukwa mtundu wake ndi umboni. Mawu ake asachuluke. Munene kuti chithunzichi munajambula ndinu, kuti mng'ono wanu Merrilyn anachitenga osakupemphani n'kunama kuti n'chake, ndipo mukufuna chichotsedwe. Muchite sabata ino, chifukwa makalata otere amatha kudikira masiku angapo asanawerengedwe, ndipo 2 Disembala sali patali.

Ndikudziwa zimene zitsatire, ndipo musazione ngati chifukwa chozengerezera. Adzalemba patsamba langa, poonekera zilankhulo zonse, kuti ndinaika chinthu cha mwini. Makiyi adzandilanda, ndipo mwina adzanditsekera kwa nthawi. Anzanga awiri aja ndi aphunzitsi otanganidwa, kotero sindikudziwa ngati insaikulopediya yathu ipirire, pamene ndaithera zaka zisanu ndi chimodzi ndi maso anga omwe. Izi zikundiwawa kwambiri, sindibisa. Adzafufuzanso zithunzi zanga zonse chimodzichimodzi. Ndinafuna kuti ndisanene, koma adzakufunsani, ndiye bola mumve kwa ine: zanu zilimo zina khumi ndi zinayi. Cha akamba, cha bwato la alamu, ndi zija za maluwa a m'dambo.

Valda ndamuuza dzulo. Ndinamupeza akupala nkhanu kuseri kwa nyumba, ndinakhala pansi n'kunena zonse. Anamvetsera osasiya ntchito yake, kenako anati, “Ndiye apolisi akukadzimanga okha?” Sanaseke, koma anandikankhira mpeni wina kuti ndimuthandize. Amalume ndiwauza chithunzi chikachoka, chifukwa mawu anga okha sangawakhulupirirenso.

Mundiperekere moni kwa alamu a Clancy, muwauze kuti bwato lawo tinalikokera pamthunzi ndipo injini tinaiphimba. Valda akupereka moni, amalume nawonso akufunsa ngati achipatala angakuloleni kubwera ngakhale masiku atatu okha. Mukabwera ndidzakusungirani atsekwe awiri onona.

Chomaliza, achemwali, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Ndimakudziwani mtima wanu. Mukawerenga kalatayi mulira, mupsa mtima tsiku limodzi, kenako mufuna kunditchinjiriza monga mwakhala mukuchitira kuyambira tili ana. Mufuna kuwalembera kuti mwana uyu sanadziwe, kuti ndi m'bale wanu, kuti mukanamulola akanapempha. Chonde musatero. Anthu aja akangowerenga kuti mwandikhululukira, atenga mawuwo ngati chilolezo cha mwini, ndipo nkhope ya amayi ikhala pomwepo mpaka kalekale. Lembani kuti ndinaba, mawu omwewo, ndipo musawonjezerepo kanthu kondikometsa. Ngati chikhululuko chilipo, mudzandinong'oneze pachisakasa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Merrilyn